Thalauza limodzi limatidyera malaya angati?

Shopu yathu ili ndi atelala awiri, makina osokera awiri, makina a ovaloko (osokera m'mphepete mwa nsalu kuti isamasuke) amodzi ndi tebulo lodulirapo nsalu. Timasoka malaya ndi mathalauza basi. Tisanavomere oda iliyonse timayamba tawerengera zomwe tisiye kusoka kuti odayo itheke, chifukwa ola limene lapita ku thalauza silingabwererenso kudzasoka malaya. Akatswiri a zachuma amati opportunity cost. Ife timangoti thalauza ladya malaya angati.

Pa sabata aliyense amagwira ntchito maola 48. Telala wamkulu amamaliza malaya amodzi pa ola limodzi, thalauza pa maola 2. Wamng'ono dzanja lake silinakhwime: malaya amamutengera maola 2, thalauza maola 6, chifukwa zipi, matumba a m'mbali ndi lamba wa m'chiuno zimamuchedwetsa, ndipo kawirikawiri amamasula n'kusokanso. Wamkulu ndi wachangu pa zonse ziwiri. Apa ndi pamene mashopu ambiri amasokonekera, poganiza kuti popeza wamkulu amaposa mnzake paliponse, zilibe kanthu kuti ndani asoke chiyani.

Zili ndi kanthu. Wamkulu akasoka thalauza limodzi wasiya malaya awiri. Wamng'ono akasoka thalauza lomwelo wasiya malaya atatu. Choncho thalauza ndi lotsika mtengo m'manja mwa wamkulu. Malaya nawo ndi otsika mtengo m'manja mwa wamng'ono ngakhale amachedwa nawo, poti iye amangosiya gawo limodzi mwa magawo atatu a thalauza, pamene wamkulu amasiya theka lathunthu.

Poyamba tinkagawa nthawi pakati, aliyense maola 24 pa malaya ndi 24 pa mathalauza. Wamkulu ankatulutsa malaya 24 ndi mathalauza 12, wamng'ono malaya 12 ndi mathalauza 4. Onse pamodzi, malaya 36 ndi mathalauza 16. Titasintha, wamng'ono anayamba kusoka malaya okhaokha, 24 pa sabata. Wamkulu amawonjezera malaya 12 pa maola 12, ndipo maola 36 otsalawo amatulutsa mathalauza 18. Malaya akadali 36, koma mathalauza akwera ndi awiri, popanda kugula makina ena kapena kuweruka usiku. Pa masabata 50 amenewo ndi mathalauza 100. Mukatembenuza, n'kupatsa wamng'ono mathalauza okhaokha kuti "azolowere", iye atulutsa 8, wamkulu awonjezera 8 kuti akwane 16, ndipo malaya atsika kufika pa 32.

Nzeruyi si yatsopano. Mu 1817 David Ricardo, katswiri wa zachuma wa ku England, anaifotokoza ndi chitsanzo cha mayiko awiri. Portugal inkafunika anthu 80 kwa chaka kuti ipange vinyo, ndi 90 kuti ipange nsalu, pamene England inkafunika 120 pa vinyo ndi 100 pa nsalu. Portugal inkaposa pa zonse, komabe mayiko onse ankapindula Portugal ikalimbikira vinyo, England nsalu, n'kumasinthana.

Kumene masamu amenewa amatithandiza kwambiri ndi pa maoda aakulu. Tikasiya malaya onse, shopu imatha mathalauza 32 pa sabata, ndipo tikasiya mathalauza onse, malaya 72. Koma mathalauza 32 aja safanana mtengo. Oyamba 24 amasoka wamkulu, lililonse limadya malaya awiri. Kuyambira la nambala 25 timachotsa wamng'ono pa malaya, ndipo lililonse limadya atatu. Munthu akabwera ndi oda ya mathalauza 30 kuti ithe pa sabata imodzi, tasiya malaya 48 kuphatikizapo 18, onse 66. Ndiye timayang'ana phindu lotsala tikachotsa nsalu, ulusi, zipi ndi mabatani. Ngati phindu la thalauza silifika la malaya awiri, odayo sitiilandira pamene oda za malaya zilipo. Likakhala pakati pa malaya awiri ndi atatu, timavomera 24 okha, otsalawo n'kupempha sabata yotsatira. Likaposa malaya atatu, onse awiri amakhala pa mathalauza. Mawu oti "pamene oda za malaya zilipo" ndi ofunika: sabata imene makina angokhala, palibe chomwe tikusiya, ndipo ngakhale oda ya phindu lochepa ndi yabwino.

Zolakwika zambiri zimachokera pa kuyeza nthawi. Wina amangowerenga nthawi imene phazi lili pa makina, n'kuiwala kudula, kusita, kuboola mabowo a mabatani ndi kumasula msoko wokhota. Ife timayamba kuwerenga nsalu ikayalidwa pa tebulo, n'kusiya chovala chikapindidwa, ndipo timayeza zovala khumi, osati chimodzi. Kudumphadumpha nakonso kumaba nthawi. Nsalu yopepuka ya malaya imafuna singano nambala 12 kapena 14, yokhuthala imafuna 16 kapena 18, ndipo ukasintha singano umasinthanso ulusi, bobini ndi kakokedwe ka ulusi, n'kuyesa kaye pa kansanza. N'chifukwa chake malaya 12 a wamkulu timawaika motsatizana kumayambiriro kwa sabata. Ovaloko ndi imodzi, choncho wina amaigwiritsa m'mawa, wina masana, kuti pasakhale woima chilili atanyamula nsalu.

Pali mtengo wina umene timaulipira mwadala. Wamng'ono akangokhalira malaya, zipi sadzaidziwa. Timamupatsa maola 6 pa sabata kuti asoke thalauza limodzi wamkulu akumuyang'anira, tikudziwa kuti tataya malaya atatu. Miyezi itatu iliyonse timayezanso nthawi. Wamng'ono akadzatsika kufika pa maola 4 pa thalauza, malaya akadali pa maola 2, onse awiri adzakhala akusiya malaya awiri pa thalauza lililonse, ndipo kagawidwe ka ntchito tidzakalembanso.