Mmene ndimapezera mitambo ya madzi ozizira kupitirira ziro pa zithunzi za setilaiti

Madzi a m'mitambo saundana akangofika pa 0°C ayi. Timadontho tating'onoting'ono timatha kukhalabe madzi mpaka cha m'ma -38°C ngati tasowa kafumbi koti tiyambirepo kuundana. Ndege ikalowa mu mtambo wotere, timadonthoto timaundana pomwe tagunda mapiko, ndipo mapikowo amasiya kugwira mphepo bwino. Ndi chifukwa chake ndimafuna kuidziwa mitamboyi ikadali m'mwamba.

Ndili kuno ku Zomba, ndimatsegula EUMETView pa intaneti. Ndi tsamba laulere la EUMETSAT, bungwe la ku Ulaya loyendetsa setilaiti za zanyengo, ndipo zithunzi za makina ojambulira a SEVIRI a pa setilaiti za Meteosat zimabwera mphindi 15 zilizonse. Nthawi yake ndi UTC, nthawi yoyendera dziko lonse, choncho ndimawonjezera maola awiri kuti ikhale ya kuno. Ndikapeza nyanja ya Chilwa pamapu, phiri la Zomba silivutanso.

Ndimayambira pa tchanelo cha 10.8 µm (tchanelo ndi mtundu umodzi wa kuwala komwe makinawa amayeza, ndipo µm ndi muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwalako), chimene chimaonetsa kuzizira kwa pamwamba pa mtambo. Wozizira kuposa -38°C ndimausiya, pamwamba pake ndi madzi oundana okhaokha. Wofunda kuposa 0°C ndimausiyanso. Apa m'pamene chiperoni chimagwera: ngakhale chimatinjenjemeretsa mu June ndi July, mtambo wake ndi wam'munsi. Kwathu kuno mpweya umafika pa ziro cha m'ma kilomita 5 m'mwamba, pomwe nsonga ya Sapitwa pa Mulanje ndi mamita 3,002 okha. Mitambo yotsala pakati pa 0°C ndi -38°C ndiyo ndimalimbana nayo, makamaka m'dzinja.

Kuzizira pakokha sikukwanira, chifukwa mtambo wa -20°C ukhoza kukhala wamadzi kapena woundana. Ndiye ndimapita pa chithunzi cha Natural Colour, chomwe chili ndi tchanelo cha 1.6 µm. Madzi oundana amameza kuwala kumeneku kwambiri, motero mtambo wake umaoneka wabuluu wobiriwira, pomwe wamadzi umakhala woyera. Mtambo woyera pano, koma wozizira pa chithunzi choyamba chija, ndiye ndimauyang'anitsitsa.

Chomwe ndimachidalira kwambiri ndi Day Microphysics, poti chimaphatikiza zinthu zitatu pa chithunzi chimodzi: kukhuthala kwa mtambo pa 0.8 µm, kukula kwa timadontho pa 3.9 µm, ndi kuzizira pa 10.8 µm. Timadontho tamadzi tating'ono timabweza kwambiri kuwala kwa dzuwa pa 3.9 µm. Mtambo wokhuthala, wozizira, wa timadontho totere umatuluka wachikasu. Wa mabingu ndi ziphaliwali, umene nsonga yake yaundana kale, umakhala wofiira. Ndimakonda kubweza zithunzi m'mbuyo n'kuziyendetsa motsatana masana, kuona mtambo womwe ukukula ukusintha kuchoka pa chikasu kupita pa kufiira. Pamenepo ndiye kuti kuundana kwayamba. Dzuwa likapendeka kulowera kuseri kwa phiri, mitunduyi siyodalirikanso, ndipo usiku ndimangotsala ndi kusiyana kwa matchanelo a kutentha, monga 8.7 ndi 10.8 µm.

Pali msampha umodzi woyenera kusamala nawo. Kamtambo kopyapyala koundana kakakhala pamwamba pa mtambo wofunda, setilaiti imasakaniza kutentha kwa yonse iwiri, n'kuonetsa ngati pali mtambo wa pakati. Ndimakazindikira ndi kayendedwe: kam'mwambako kamaoneka ngati ulusi, ndipo kawirikawiri kamalowera kwake.

Komanso setilaitiyi imangoona denga la mtambo. Pansi pa nsonga yofiira pakhoza kubisala madzi ambiri osaundana, ndiye kufiira sindikutenga ngati chizindikiro chakuti ndege idutsa bwino. Umboni wolimba umachokera ku lidar, makina owombera kuwala kwa leza pansi. Timadontho tobulungira timabweza kuwalako mosiyana ndi tizidutswa toundana. Setilaiti ya CALIPSO inagwira ntchitoyi kuyambira 2006 mpaka 2023, ndipo EarthCARE, imene inatumizidwa m'mwamba mu 2024, ikupitiriza. Lidar imayeza kamzere kakang'ono kokha, choncho ndimafufuza tsiku lomwe yadutsa pafupi ndi chigawo chakummwera, n'kuyerekeza zomwe yapeza ndi chikasu chomwe ndinaona pa Meteosat ola lomwelo.