Zikomo nonse, njinga ija yalira

Anzanga a pa siteji ya Kawale ndi nonse amene mwakhala mukufunsa kuti aise ukusowa kuti, njinga ija yalira lero m'mawa, kudina batani kamodzi kokha basi, osakankha. Ndati ndilembe pano chifukwa oti ndiwathokoze ndi ambiri ndipo ena manambala awo ndilibe.

Ondidziwa mukudziwa kuti njinga imeneyi ndi nkhalamba, 125 imene anandisiyira malemu achimwene, kiki yake inatha mano kalekale moti ndinkangodalira sitata. Masabata atatu apitawa ndatsitsa kasitomala ku Mchesi, kudina batani, yangoti tcha. Kudinanso, tcha. Magetsi akuyaka, hutala ikulira bwinobwino, koma injini zii.

Aliyense amene ndinamufunsa ankangoti batire. Ine kumvera, mayi a kunyumba anakatenga ngongole ku banki m'khonde, ndagula batire yatsopano, kumanga, tcha yomwe ija. Tsiku limenelo nsima sinalowe. Ndiye zikomo yoyamba ipite kwa inu amayi a ana, simunandinene olo mawu amodzi, munangoti tidya zamandasi zomwezi mpaka ikhale bwino. Ndinamva, ndipo ngongoleyo ndibweza ndine.

Anyamata a pa siteji, inu mwandikankha mpaka mwatopa nane. Giya 2, kugwira kilatchi, inu kuthamanga nayo pamtsetse paja m'mawa uliwonse, wina mpaka patapata kuduka. Koma kunena zoona ntchito yokankhitsa si ntchito, kasitomala akaona njinga ikukankhidwa amapita kwa mnzako, ndipo itandizimira pakati pa msewu ndili ndi mayi wina ndi thumba lake la ufa ndinangoti basi ndiimike.

Tsopano a mdala a ku Biwi. Dzina sindikutchula, anandiletsa okha, akuti anthu achuluka kale pakhomo. Bambo amenewa sanandigulitse chilichonse asanayeze, ndi chimene chandisangalatsa. Anatulutsa kamita kawo, batire yatsopano 12.6 volts, ili bwino. Anati tabweretsa yakale ija, kuyeza, nayonso inalibe mlandu, abale ndinafuna kulira. Kenako anandiuza kuti tcha ukumvayo ndi solenoid, kaswitchi kamene kamapititsa moto wa batire ku sitata, ndiye kuti batani ndi fiyuzi zikugwira, vuto lili kutsogolo. Anaika njinga pa nyutrolo, kutenga sikuludiraiva n'kugunditsa manati awiri akuluakulu a pa solenoid paja kuti moto udutse dairekiti, sitata inangobuula pang'ono ngati munthu wodwala. Apo anati solenoid ichoke pa mlandu.

Anatsata waya wa efi, wochoka ku batire kupita pa bodi uja, pomangira pake panali dzimbiri, anapala ndi sandipepa mpaka kuwala. Zinasinthako koma pang'ono. Atatsegula sitata yeniyeniyo ndi pomwe tinaona, mabulashi, timakala topititsa moto mkatimo, atha atsala tizidutswa, mkati monse fumbi lakuda, pa kopa pamene amakhudza paja pada bii. Anapukuta, kupala mipata yake ndi kachitsulo kosongoka, mabulashi a saizi yake kunalibe ndiye anatenga a sitata ina n'kuwasema ndi fayilo mpaka alowe, kuwotcherera, kutseka.

Ine ndimati zatha. Kudina, sitata ikuzungulira mwamphamvu fyiii, koma injini osatembenuka olo pang'ono. A mdala anangoseka, akuti matenda anali awiri, oyambawo amabisa achiwiri. Kuseri kwa magineto, chigudumu chopanga magetsi pa injini, kuli chimene amati starter clutch, muli timarola titatu ndi timasipuling'i take, chimagwira mbali imodzi yokha kuti sitata ikoke injini, injini ikalira chimasiya. Changa timasipuling'i tinali titafooka, kamodzi kothyoka. Ndipo pochotsa magineto a mdala anakana kumenya ndi hamala ngati mmene ena amachitira, anatuma mwana kukabwereka pula, chida chozulira magineto, kwa mnzawo, tinadikira mpaka dzuwa kupendeka koma bola kusiyana n'kuwononga shafiti.

Mnzanga wa ku Chinsapo amene uli ndi injini yakufa kuseri kwa nyumba, iwe ndiye unandipulumutsa. Ndinangoimba kamodzi, mawa lake wabwera ndi starter clutch m'jumbo, ndalama kukana, akuti udzandinyamule ndikadzasowa. Ndidzakunyamula aise, olo usiku.

Mayi a chipisi a pafupi ndi galaja, zikomo pondisungira njinga kukhonde masiku anayi aja ndikusaka ndalama, komanso mbale ija munandipatsa mutaona kuti ndakhala tsiku lonse osadya. Ankolo amene munatumiza kangachepe pa foni osandiuza, ndinadziwa kuti ndinu.

Tisanachoke a mdala anayezanso injini ikulira, atakoka moto pang'ono mita inawerenga 14 volts, akuti ikutchaja bwino. Anandidzudzulanso kuti ndisamakanikize batani nthawi yaitali ikakana, ndizisiya kaye sitata ipume, komanso kiki ija ndikonze chifukwa ikanakhala yamoyo sindikanagona ndi njala. Ndavomera, mwezi ukatha ndibwera nayo.

Batire inayo ili pansi pa bedi, amene akuifuna tikambirane. Mawa 5 koloko ndili pa siteji, makasitomala anga a ku msika waukulu musakwere ina.