Madzi akaphwa, nyansi zimatsala

Pakhoma la nyumba yanga pali mzere wa matope wolekeza m'chiuno. Unasiyidwa ndi madzi a namondwe wa Ana mu Januwale 2022, pomwe mtsinje wa Mwanza unasefukira n'kulowa m'midzi kuno ku Chikwawa. Sindinaupake laimu mpaka lero, ndimafuna ana aziuona.

Mtsinjewu unakwiririka ndi mchenga wochokera kumtunda, kumene mitengo inathera ku makala. Mvula ikagwa kumapiri, ngakhale kuno kuli ng'amba, madzi amasowa podutsa, basi amatipeza m'nyumba. Kuthawa tinakuphunzira. Wezulo wa komiti ya m'mudzi akangolira usiku, timanyamula ana, ziphaso ndi ufa, ulendo wa kusukulu yakumtunda. Pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 tinachita zomwezo, ndipo pakhomo panga tonse tinapulumuka.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi zomwe timapeza pobwerera. Zimbudzi zathu n'zokumba m'dothi lamchenga, zimagwa tsiku loyamba lomwelo, ndipo zam'katimo zimasakanikirana ndi madzi. Namondwe wa Ana atadutsa ndinasuzumira m'chitsime cha kudimba kwathu: munali mbuzi yotupa, majumbo ndi thewera la mwana. Mjigo nawo unamira mpaka pa chogwirira, ndipo kwa masiku angapo unkatulutsa madzi ofiira. Anthu ankatunga ndithu. Akanamwa chiyani? Chaka chomwecho kolera anabuka m'dziko muno, ndipo mdzukulu wanga anagona masiku anayi pa diripi.

Atachira, amayi anga anandiuza kuti, "Mwanangu, madzi a m'ndowa muziwaopa ngati a mumtsinje." Kuyambira pamenepo ndowa yakumwa imakhala yovundikira, ndipo klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa sindimulola kutha m'nyumba. Chimbudzi chatsopano tinachimanga pachulu, dzenje lake tinaliwaka ndi njerwa. Zinatidyera mbuzi ziwiri.

Chimandipweteka n'chakuti ifenso timauipitsa mtsinjewu. Pamsika zinyalala amakankhira m'ngalande, matewera amatayidwa pansi pa mlatho, ndipo tikulima mpaka m'mphepete mwenimweni, momwe kale munali bango ndi nsenjere. Sabata yatha ndinakadandaula kwa amfumu. Anavomera kuti Loweruka tikabzale vetiva ndi nsungwi pagombe la kudimba. Mbande ndasonkhanitsa kale, zili pamthunzi kuseri kwa khola, ndipo ndikuzithirira m'mawa ndi madzulo.