Timbale Tosatha ta ku Seoul

Ku Seoul, likulu la South Korea, ndinafika ndi njala ya masiku awiri, poti zija amapereka m'ndege ine sindiziwerengera kuti n'chakudya. Nditangoponya chikwama kuhotela, ndinalowa m'kalesitilanti kena pafupi ndi msika wa Gwangjang. Papepala la zakudya panali zilembo za Chikoreya zotchedwa Hangul zokhazokha, timizere ndi timikombero, ndiye ndinangoloza chithunzi chooneka ngati mpunga.

Posakhalitsa amayi ena ovala epuloni anandiyalira timbale 6, tating'onoting'ono ngati ta ana kumasanje. Chamumtima ndinati, chakudya chonse n'chomwechi? Foloko panalibe, koma supuni ndi timitengo tiwiri tachitsulo toterera. Nditayesa kupana kanyemba, kanadumpha n'kukatera patebulo la eni. Ndinagwira supuni mwaulemu.

Kenako ndinalawa kabichi wofiira. Abale inu! Kuwawasa kwake ngati thobwa logona masiku anayi, tsabola n'kumabwera pambuyo. Ndinatsimikiza kuti ndiwozi zasasa. Koma amayi anga anandilera kuti chakudya cha eni sanyoza, choncho ndinameza misozi ili lengelenge mpaka mbale mbee.

Amayi aja ataona, anamwetulira n'kubweretsa ina yodzaza. Ndinamaliza. Anabwera ndi yachitatu, n'kundisisita paphewa ngati mwana wakhoza mayeso. Apa ndiye inali nkhondo. Ine ndikumaliza kuti asiye, iwo akuwonjezera poganiza kuti ndakonda. Thukuta kamukamu, mamina chuu, dzanja lina lili m'thumba kuwerenga ma won, ndalama za kumeneko, chifukwa ndinkadziwa kuti mbale iliyonse ndilipira.

Pa mbale yachinayi mnyamata wa patebulo lija la kanyemba anandimvera chisoni.

"Bambo, ameneyo ndi kimchi," anatero m'Chingelezi, akudziletsa kuseka. "Sanawonongeke ayi. Amamuthira mchere, adyo ndi tsabola n'kumusiya dala kuti asase. Timbale tonseti ndi banchan, n'taulere, mukamaliza amawonjezera. Chakudya chimene mwaitanitsa sichinabwere."

Sichinabwere? Mimba inali itadzaza kale ndi kabichi mpaka pakhosi.

Nthawi yomweyo chinatulukira: bibimbap, mpunga wokhala ndi masamba, nyama ndi dzira pamwamba, uli m'mbale yakuda yamwala yomwe inkalira kuti tchiii. Munthu wanzeru akanamva kulirako n'kuchenjera. Ine, pofuna kuonetsa kuti tsopano zinthu ndazidziwa, ndinaigwira ndi manja onse awiri kuti ndiikokere pafupi.

"Mayo ineee!"

Lesitilanti yonse inangoti zii, timitengo tili m'malere. Amayi aja anachita kuthamanga kuchokera kukhitchini, dzanja lina atanyamula madzi ozizira oti ndiviikemo zala. Dzanja linalo munali kambale kena ka kimchi.