Nozolo yobiriwira ija

Nchalo, Lachinayi usiku. Kukutentha moti ndatulutsa mkeka pakhonde, koma chikundisowetsa tulo ndi nkhani ya masana ija.

Pamalo pathu potsukira galimoto inabwera minibasi yochokera ku East Bank, fumbi lokhalokha mpaka padenga. Nditangogwira mfuti yopopera madzi ya makina athu otsukira ndinamva kuti siikukankha dzanja ngati masiku onse. Madzi amatuluka ochuluka mbali imodzi, mbali inayo akungomwazika. Ndinazula nozolo, kachitsulo ka kunsonga kwa mfuti kotulukira madzi, yobiriwira ya madigiri 25 imene timatsukira thupi la galimoto, n'kuiyang'ana padzuwa. Bowo lakula, lapotoka, m'mphepete mwake mwakandika.

Mphwanga amene ndimagwira naye ntchito sanabise. "Amalume, inatseka m'mawa, ndiye ndinaitokosa ndi msomali."

Ndinakalipa. Ndinakalipa kwambiri, pamaso pa kondakitala ndi amayi ogulitsa mandasi aja. Ndinamuuza kuti manja ake ndi owononga basi. Iye anangoweramitsa mutu, payipi ili m'manja. Dalaivala wa minibasiyo, bambo wa imvi ndithu, anadikira ndimalize, kenaka anafunsa motsitsa mawu: "Achimwene, kodi mwanayu munamuonetsapo katsukidwe kake?"

Sindinayankhe. Mpaka pano sindinayankhe.

Sindinamuonetsepo ayi. Miyezi yonseyi ndakhala ndikungoti tenga yobiriwira, tenga yoyera, yakuda ndi ya sopo, yofiira usaikhudze. Yofiirayo ndinachita kuitsekera m'bokosi chifukwa ndi ya madigiri 0, imakanda penti ndipo imacheka khungu la munthu. Koma sindinakhalepo naye pansi n'kumuuza kuti pampu imangokankha madzi a muyezo womwewo, ndipo mphamvu imabwera chifukwa madziwo akupanikizika pa kabowo kakang'onoko. Kabowo kakakula, mphamvu yathawa. Manambala olembedwa pa nozolo, 25035, iye amangowaona. Sadziwa kuti 25 ndi kutambasuka kwa madzi, 035 ndi kukula kwa bowo, ndipo bowolo liyenera kugwirizana ndi pampu yathu.

Ndipo katsukidwe kake sikovuta. Kuzimitsa makina, kufinya mfuti kuti presha yotsala ithe, kuchotsa nozolo, kulowetsamo kawaya kowonda pang'onopang'ono, kenaka kuthira madzi kuchokera kutsogolo kuti mchenga utulukire kumene unalowera. Ikakhala ndi zoyera zija zimene madzi amasiya akauma, kuiviika mu viniga usiku. Kuno zoyerazo sizisowa, madzi a mjigo wathu ndi amchere ngati mijigo yambiri ya kuchigwa kuno, ndowa ikauma imasiya chizindikiro.

Chikundiwawa koposa n'chakuti mchenga umene unatseka nozoloyo unadutsa pa sefa ya polowera madzi. Sefayo inang'ambika kalekale, ine ndikudziwa, ndimangoti ndigula mwezi ukatha.

Tsopano ndi ulendo wa ku Blantyre, kukwera phiri lija kudutsa pa Thabwa chifukwa cha kachitsulo kosaposa chala. Ulendo watha ndinabwera ndi cholumikizira payipi cha mtundu wa M22 cha mamilimita 14 pomwe pa makina athu pamafunika 15. Mazinga amagwirana bwinobwino, koma ukayatsa madzi ali tsaa m'mbali. Ndinakulunga tepi yoyera mpaka kutopa, osadziwa kuti pamenepo chimatseka madzi ndi kamphira ka m'kati, osati mazinga. Tsiku limenelo palibe anandikalipira. Mawa ndinyamula nozolo yowonongekayo m'thumba, ndikaiike pa kauntala, ndigulenso sefa ndi timphira tingapo tosungira, poti dzuwa la kuno limaumitsa mphira msanga.

Minibasi ija tinaimaliza ndi yachikasu, ya madigiri 15, titaima patali ndithu kuopa kusenda zomata. Dalaivala analipira, n'kumugwira mphwanga paphewa asanakwere.

Madzulo mnyamatayo nsima anangoitsina kawiri. Ndapita kukafufuza m'katoni imene makina anabweramo, kawaya kotsukira kaja ndakapeza, kadakali m'kapepala kake. Ndakaika pawindo. Iye wagona kale, kapena akungonamizira, wayang'ana kukhoma.