Makadi pa ulendo wapansi wa ku chigwa cha Shire

Munthu akamakonzekera ulendo wautali wapansi, maganizo ake onse amakhala pa kuyenda: nsapato zolimba, chikwama chakumsana chosapweteka mapewa, madzi okwanira ndiponso mtunda umene akufuna kudula pa tsiku. Ndi ochepa amene amaganizira za maola amene sadzakhala akuyenda, chikhalirecho ku chigwa cha Shire maola amenewa ndi ochuluka, ndipo ndi m'maola omwewa mmene gulu la apaulendo limagwirizana kapena kugawanika. Pa ulendo umene ndinayenda ndi anzanga m'chigwachi, chimene chinatisunga pamodzi pa nthawi zoterezi chinali paketi imodzi ya makadi.

Tinayambira pa Thabwa, pamene msewu wochokera ku Blantyre umatsirizira kutsika mapiri, ndipo m'malo mowoloka mlatho wa Kamuzu kulowera ku Dyeratu ndi ku Nchalo, tinatsata msewu wa kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, umene umadutsa m'munsi mwa mapiri a Thyolo kudzera m'madera monga Livunzu, Nkhate ndi Masenjere mpaka ku Fatima. Cholinga chathu chinali kukafika ku Makhanga, kuwoloka kupita ku Bangula, kenaka kutsikira ku boma la Nsanje. M'gulu mwathu munali anthu amene sankadziwana bwino: bambo wina amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, mayi wina wogwira ntchito ya unamwino, anyamata awiri a ku koleji, ndi ine. Chimene chinatisonkhanitsa chinali kukonda kuyenda basi.

Aliyense amene anakhalako ku Chikwawa kapena ku Nsanje amadziwa kuti kumeneko dzuwa ndi limene limalamula. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo ngakhale ife tinasankha nyengo yozizira, masana sikunkayendeka ndi katundu kumsana. Tinkanyamuka kusanache, n'kuyenda mpaka cha m'ma 10 koloko, kenaka n'kufunafuna mthunzi wa mlambe, wa mtondo kapena khonde la golosale, kumene tinkakhala mpaka cha m'ma 3 koloko. Amenewa ndi maola asanu, tsiku ndi tsiku, a anthu otopa, a matuza kumapazi, amene aliyense ali ndi chifukwa chokwiyira mnzake. Anyamata aja ankayenda mofulumira ndipo ankatopa ndi kudikira. Aphunzitsi ankatsalira ndipo ankadzimva kuti akuchedwetsa anzawo, ngakhale panalibe amene anawauza zimenezo. Msewu umasanja anthu malinga ndi mphamvu za miyendo yawo, ndipo kusanjikako kukangokhazikika kumalowa m'kalankhulidwe, m'kagawidwe ka madzi, ngakhalenso m'malo amene munthu amasankha kukhala pamthunzi.

Amene anatulutsa makadi anali anamwino. Anawasunga m'kajumbo, atawamanga ndi kamphira, ndipo anatiuza kuti sayenda ulendo wautali popanda iwo. Paketi ya makadi 52 ndi majokala awiri imalemera pafupifupi magalamu 100 okha, imalowa m'thumba la malaya, ndipo safuna batire, chimene n'chofunika kwa anthu amene ankatchajitsa mafoni molipira pa misika ya m'njira. Ndimakonda bawo, ndipo pafupifupi pa msika uliwonse tinkapeza abambo atazungulira bawo pansi pa mtengo, koma bawo ndi la anthu awiri, otsalawo amangoonerera. Makadi ankatilandira tonse asanu nthawi imodzi.

Masewero amene tinkawakonda kwambiri ndi aja ambiri timawatchula kuti noko. Aliyense amalandira makadi angapo, khadi limodzi limatembenuzidwa pakati, ndipo munthu amaponya khadi lofanana nalo mtundu kapena nambala. Akasowa, amatola pa mulu. Amene watsala ndi khadi limodzi ayenera kugogoda kuti onse adziwe, ndipo amene wayamba kumaliza ndiye wapambana. Mpaka pamenepa tonse tinkagwirizana, koma kupitirira apa aliyense anabwera ndi malamulo a kwawo. Anyamata aja ankati jokala amatoletsa munthu makadi asanu ndipo palibe chomutsekereza. Aphunzitsi ankati esi imatsekereza chilango chilichonse. Anamwino ankati munthu sangamalizire pa khadi lachilango. Ine ndinkadziwa kuti jeki amabweza masewero m'mbuyo, pamene ena ankati amalumphitsa munthu wotsatira. Masana onse oyamba anathera pa mkangano umenewu, ndipo ndikuona kuti unali mkangano wopindulitsa kuposa wina uliwonse pa ulendowu, chifukwa kanali koyamba kuti anthu asanu osadziwana akhale pansi, aliyense anene zake, ena agonje, mpaka papezeke lamulo limodzi. Aphunzitsi analemba malamulowo kuseri kwa kope lawo, tonse tinavomereza, ndipo kuyambira pamenepo funso likabuka tinkangoti, "Tiyeni tione m'kope." Njira yomweyi ndi imene tinagwiritsa ntchito pambuyo pake pokambirana za nthawi yonyamukira ndi za ndalama zogulira ndiwo.

Chimene chinandikhudza mtima kwambiri n'chakuti pamkeka anthu ankasanjika mosiyana ndi mmene ankasanjikira pamsewu. Aphunzitsi, amene nthawi zonse ankafika pomalizira, anali katswiri. Ankakumbukira makadi onse amene aponyedwa, ankadziwa mtundu umene munthu wausowa pongoona nthawi imene watola pa mulu, ndipo ankasunga khadi lamphamvu mpaka nthawi imene lingapweteke koposa. Mnyamata amene ankatsogola pamsewu ndiye ankaluza kawirikawiri, chifukwa ankataya makadi ake abwino koyambirira. Tsiku lina, atatoletsedwa makadi ambirimbiri, anafunsa kuti, "Kodi bambo, mumadziwa bwanji zimene ndagwira m'manja?" Iwo anamuyankha modekha kuti, "Mwana wanga, iwe umayang'ana makadi ako, ine ndimayang'ana iweyo." M'mawa mwake mnyamatayo sanathamangire kutsogolo; anayenda pambali pawo akufunsa mmene munthu amawerengera makadi, ndipo posakhalitsa anawalandira chigubu cha madzi popanda wina kumupempha. Sindikuganiza kuti uphungu uliwonse ukanabweretsa zimenezi, pakuti ulemu umene anawapatsa sunachokere m'chifundo koma m'kuzindikira kuti pali chimene iwo amamuposa.

Komabe makadi ali ndi mbiri yoipa kwathu kuno, ndipo mbiriyo ili ndi chifukwa chake. Anthu ambiri akaona amuna atazungulira makadi amaganiza za njuga, chifukwa anaonapo ndalama za thonje kapena malipiro a kumunda wa nzimbe zikutha usiku umodzi, ana kunyumba akugona ndi njala. Alendo onyamula zikwama amene atulutsa makadi pakati pa mudzi akhoza kuoneka ngati abwera kudzadyera anthu ndalama. Pa chifukwa chimenechi, mudzi uliwonse umene tinkapempha malo ogona tinkayamba taonekera kwa amfumu, monga mwambo ufunira, ndipo tisanatulutse makadi tinkapempha chilolezo kwa eni khomo. Pa khomo lina agogo aakazi anatiuza mosabisa kuti, "Ana anga, pano zimenezo ayi," ndipo tinawabwezera m'thumba popanda kufunsa chifukwa. Pa khomo lina amfumu anakhala nafe kanthawi, akuyang'anitsitsa ngati pangaoneke ndalama, ndipo ataona kuti palibe anapempha kuti nawonso tiwagawire.

Lamulo lathu loyamba, limene linalembedwa pamwamba pa ena onse m'kope lija, linali lakuti pasakhale ndalama ngakhale ya K50. Powerengera opambana tinkagwiritsa ntchito nthanga za malambe, zimene sizisowa m'chigwamo, ndipo amene watsala ndi zochepa madzulo ankakatunga madzi kumjigo kapena kutsuka mapoto. Ngakhale pamenepa tinaika malire: munthu sankalandira chilango masiku awiri otsatizana, ndipo wodwala kapena wa matuza aakulu sankakhudzidwa. Ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndalama zikanalowapo, ngakhale zochepa, zonse zimene ndafotokoza pamwambapa zikanawonongeka. Anthu amene mawa lake adzagawana madzi a m'botolo limodzi sayenera kukhala ndi ngongole pakati pawo, ndipo woluza ndalama sangathe kuseka nawo pamene anzake akuseka.

Anthu ataona kuti si njuga, ankabwera okha. Anyamata a kabaza odikira makasitomala, amayi ogulitsa thobwa ndi masau, asodzi ochokera kudambo, onse ankaima kumbuyo kwathu n'kumalangiza mokweza, ndipo wina wa ife akafuna kugona pang'ono pankapezeka womulowa m'malo. Kumunsi kwa chigwa anthu ambiri amalankhula Chisena, chimene ena a ife tinkachimva movutikira, koma masewerowa safuna mawu ambiri: kugogoda pansi kumamveka kwa aliyense. Nkhani zothandiza kwambiri pa ulendowu tinazimvera pa makadi, osati pofunsa njira. Apa ndi pamene tinkauzidwa mjigo umene madzi ake ndi amchere, njira yachidule yodutsa m'minda ya mpunga, ndi madooko oyenera kuwapewa chifukwa cha ng'ona ndi mvuu. Munthu amene mwakhala naye ola lathunthu pamkeka amakuuza zoona zake, pamene munthu amene mwangomuimitsa panjira amakuuza zoti uchoke msanga.

Za kasamalidwe ka makadiwo nzochepa. Mphepo ya mwera imawaulutsa, choncho pa mulu uliwonse pankakhala kamwala. Thukuta ndi fumbi zimafufumitsa makadi apepala mpaka osasakanizika bwino, ndipo amene akukonzekera ulendo wotere ndi bwino agule apulasitiki. Madzulo sitinkasewera kwambiri, chifukwa kufupi ndi dambo la Elephant Marsh udzudzu umayamba dzuwa likangolowa, ndipo kuwala kwa tochi kumaitana tizilombo tamitundumitundu. Dambo limeneli, limene David Livingstone analipatsa dzinali atapezamo njovu pafupifupi 800 m'chaka cha 1859, lilibenso njovu masiku ano, koma lili ndi mbalame zochuluka ndi nsomba zimene zimadyetsa mabanja ambiri, ndipo mu 2017 linalembedwa m'gulu la madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa mgwirizano wa Ramsar. Ife tinkalizungulira chapatali, tikudya milamba yowamba yochokera m'menemo, ndipo mdima ukagwa aliyense ankalowa mu neti yake.

Pali tsiku limene makadi sanatuluke n'komwe, ndipo nalonso ndi mbali ya nkhaniyi. Titafika cha ku Makhanga, dera limene lili pafupi ndi pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, tinapuma pa khomo la bambo wina amene anayamba kutifotokozera za madzi osefukira a mu Januwale 2015 ndi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Anatilozera pamene panali nyumba za abale ake, anatiuza za mchenga umene unakwirira minda, ndi za mabanja amene anasamukira kumtunda osabwereranso. Anamwino anali atagwira kale kajumbo kaja m'manja, koma anakabwezera m'chikwama mwakachetechete, ndipo masana onsewo tinangomvetsera. Panalibe amene anauza mnzake chochita. Ndikuona kuti masiku amene tinakhala tikuyang'anana nkhope pamkeka ndi amene anatiphunzitsa kumvana chotere, pakuti munthu amene wazolowera kuwerenga maso a mnzake kuti adziwe makadi ake amadziwanso msanga pamene mtima wa mnzakeyo walemedwa.

M'mawa mwake tinakadikira boti lotiwolotsa kupita ku Bangula, ndipo chifukwa mwini boti ankayembekezera kuti anthu akwane, makadi anatulukanso pamchenga. Panthawiyi khadi limodzi, la 7 wa mitima, linali litatayika kale m'njira, ndipo m'malo mwake tinkagwiritsa ntchito kachidutswa ka katoni ya sopo kamene aphunzitsi anakadula bwinobwino n'kukajambula ndi bolopeni. Aliyense ankakazindikira kali m'manja mwa mnzake, choncho tinawonjezera lamulo lomaliza m'kope, lakuti amene wakalandira ali ndi ufulu woponya koyamba, kuti asapwetekeke chifukwa choti khadi lake likudziwika. Ndi lamulo limeneli tinasewera njira yonse yotsala, kudutsa ku Tengani mpaka kukafika ku boma la Nsanje.