Lachinayi: nyama imene mfiti yabisa

Nthawi ino yapitirira 1 koloko usiku, m'mawa ndili ndi shifiti, koma tulo takana. Kapepala kaja kali patebulo pano pafupi ndi tiyi amene wazizira kalekale, ndipo ndikakayang'ana sindikudziwa kaya ndiseke kaya ndikwiye.

Gwero lake ndi agogo a m'chipinda cha kumapeto kuntchito kwanga kosamalira okalamba, aja anali mphunzitsi wa masamu kuno ku Leeds. Tsiku lililonse amandifunsa kuti kwathu n'kuti, ndikawayankha amagwedeza mutu, mawa lake n'kufunsanso. Dzina langa analitaya kale, amangoti "nesi", ngakhale ndawauza kambirimbiri kuti unesi ndilibe, ine ndi wosamalira chabe. Masiku ano manja awo amanjenjemera moti pensulo siigwirika, ndiye crossword ya m'nyuzipepala amafuna wowalembera. Anzanga onse amaithawa ntchito imeneyi. Lero yagwera ine chifukwa ndinalowa ndi tiyi pa nthawi yolakwika.

Ine ndimadziyesa woidziwa crossword. Timabokosi toyera ndi takuda, mawu ena opingasa ena otsika, akafunsa likulu la France iwe n'kulemba Paris, nkhani yatha. Iyi ndi ina. Amaitcha cryptic, ndipo zimene amalembamo si mafunso ayi, ndi ndagi zenizeni, zija tinkaponyerana madzulo pabwalo mwezi ukuwala. Kusiyana kwake n'kwakuti woponya ndagiyo sumuona, ndipo sakupatsa mpata woti umunyengerere akuululire.

Yoyamba anandiyesa nayo kuchokera m'mutu mwawo: "Flower of London (6)". Nambala ya kumapetoyo ndi kuchuluka kwa zilembo za yankho. Ndinayamba kutchula maluwa onse amene ndimawadziwa, ena ndawaona m'mapaki, ena pa makadi a maliro. Iwo phee, akumwetulira. Kenako akuti, "Mwana wanga, ukuwerenga zimene wolembayo akufuna kuti uwerenge." Akuti liwu loti flower usalione ngati duwa, ulidule pakati: chinthu chimene chimachita flow, choyenda ngati madzi. Mtsinje. Mtsinje wa ku London wa zilembo 6. THAMES.

Ndinapsa mtima, ndisaname. Chingerezi ndinachikhoza bwino pa MSCE, ndinalembanso mayeso ena a Chingerezi kuti ndipeze viza, zaka zonsezi ndimachilankhula kuyambira m'mawa mpaka lilime kuuma, lero munthu woti sakumbukira ngati wadya nkhomaliro akundionetsa kuti liwu la mwana wa Sitandade 3 sindilidziwa. Ndinati, "Agogo, kumeneko ndi kubera." Akuti ayi, kubera kulibe, lamulo lilipo ndipo wolemba wabwino saliphwanya. Ndagi iliyonse imakuuza yankho kawiri. Mbali imodzi ndi tanthauzo lenileni la liwulo, ndipo imakhala koyambirira kapena kumapeto, osati pakati. Mbali yotsalayo ndi malangizo a kamangidwe ka liwulo, chilembo ndi chilembo. Chiganizo chonsecho, mmene chikumvekera ukachiwerenga, ndi nyambo chabe. Ya Thames ija akuti ndi ya mtundu wina, imangopotoza tanthauzo basi, koma zambiri zimayenda motero.

Tinadzaza zingapo, iwo akunena ine ndikulemba. Kumene tinamatirira ndi pa ina yopingasa, ya zilembo 9:

"Sailor and worker turn to the French spider (9)"

Mawu otsika anali atatipatsa kale T, R, N, U ndi A, modumphadumpha. Ine nditaona spider kumapeto, n'kuona zilembozo, ndinakuwa ngati ndatola ndalama: TARANTULA! Kangaude wamkulu waubweya uja. Pensulo inali itagunda kale pepala pamene anandigwira dzanja. Dzanja lonjenjemera lomwelo, koma linagwira zolimba. "Usalembe. Undiuze kaye chifukwa chake." Ndinati chifukwa chake n'chakuti likukwana. Akuti nsapato ya mnzako ikakukwana sikuti yasanduka yako. Kwa iwo yankho limene sungalifotokoze silinapezeke, wangolilota.

Ndiye tinakhalapo. Anayamba kuliphwanya pang'onopang'ono ngati munthu wosenda mtedza. Sailor ndi TAR, dzina lakale limene Angerezi ankatchulira amalinyero, ndipo akuti m'ma crossword mokha ndi mmene likadali moyo. Worker ndi ANT, nyerere, poti nyerere ndi yakhama pa ntchito. Apa ndinaseka, chifukwa zimenezo ngakhale kwathu sitingatsutse. The French sakunena anthu a ku France ayi, akunena liwu loti the m'Chifalansa, limene ndi LE kapena LA. Ndiye TAR, ANT, LA. Kwatsala U mmodzi pakati, ndipo agogo anaima pomwepo. Milomo ikuyenda, mawu osatuluka. Ndinaona nkhope yawo ikuyamba kuchita zija imachita akaiwala kumene kuli bafa, maso kuyendayenda, manyazi ndi mantha pamodzi. Belu la chipinda china linali likulira. Ndinayenera kunyamuka, koma sindinanyamuke.

Ndinabwerera ku chiganizo chija kuwerenga mawu amene sitinawagwiritse ntchito. Sailor tadya, worker tadya, the French tadya, spider ndiye tanthauzo. Kwatsala turn. Sindikudziwa chifukwa chake, koma m'mutu mwanga munabwera minibasi ya ku Limbe itaona anthu tsidya lina la msewu, dalaivala n'kuikhotetsa pomwepo pansi pa chikwangwani choletsa, chija chili ndi U wodulidwa ndi mzere wofiira. Ndinati, "Agogo, turn si U-turn?" Anandiyang'ana kanthawi, kenako anamenya tebulo mpaka tiyi kutayikira m'sosala. TAR, ANT, U, LA. "Lemba tsopano," anatero.

Kunena zoona kukoma kwake kunandidabwitsa. Liwu lomwelo ndinali nalo kale mphindi khumi zapitazo, koma pamene ndimalilemba linali lina, ngati nyumba imene waiona ikumangidwa kuchokera pa maziko.

Nditabwerako kumene kunalira belu ndinawapeza atatsitsimuka, nkhani zikungotuluka. Akuti masewerawa anakulira kuno ku Britain, ndipo amene anawakhwimitsa m'nyuzipepala ya The Observer kuyambira 1926 ankadzitcha Torquemada, wom'tsatira n'kudzitcha Ximenes, onse mayina a akuluakulu a bwalo lija la ku Spain lozunza anthu pa nkhani za chipembedzo. Ndinati basi ankadzidziwa. The Times inayamba yake mu 1930. Koma amene agogo amam'konda ndi wansembe wina wa Anglican, John Graham, amene ankalembera The Guardian zaka zoposa 50 pa dzina loti Araucaria. Ameneyu atapezeka ndi khansa ya kummero, anthu ake anawauza kudzera mu crossword. Matendawo, malo ake m'thupi, ndi chisamaliro chimene ankalandira, zonse zinali mayankho oti owerenga awapeze okha m'timabokosi. Inatuluka mu The Guardian mu Januwale 2013, iye n'kumwalira mu Novembala chaka chomwecho. Agogo amanena zaka zimenezi osaphonya, munthu yemweyo amene dzulo ankafunsa ngati mkazi wawo abwera kudzawaona, chonsecho anamwalira kale. Mutu wa munthu ndi chinthu china. Ndikaganiza za amayi kumudzi, amene ayamba kuitana adzukulu ndi mayina a ana awo, mtima umandithawa, ndiye ndisapite kumeneko usiku uno.

Ndikutolera makapu, anati nditenge pepala ndilembe ina, yawoyawo, yoti ndipite nayo kunyumba. Ananena pang'onopang'ono, ine ndikulemba ndi dzanja langali:

"Animal a witch keeps in African country (6)"

Nyama imene mfiti imasunga m'dziko la mu Africa. Ndinamwetulira pamaso pawo, koma m'kati ndinati eya, tafika. Mzungu akaganiza za Africa, mfiti ndi nyama basi. Masana onse ndinayenda nako kapepalako m'thumba la yunifolomu ndikung'ung'udza. Ndikusintha zofunda, fisi. Ndikugawa chakudya chamadzulo, fisi. Nanga mfiti ya kwathu imasunga chiyani, si fisi amene amati imakwera usiku? Ndinawerenga zilembo, hyena ndi 5, zakanika. Kenako ndinakumbukira kuti Angerezi ena amalemba hyaena, ndiye 6 ndendende. Ndinatsala pang'ono kuthamangira kuchipinda kwawo, koma mawu aja anandibweza: undiuze kaye chifukwa chake. Chifukwa ndinalibe. African country ikugwira ntchito yanji pa fisi? Ndinayesa mphaka, poti mfiti za kuno m'zithunzi zimakhala ndi mphaka wakuda. Ndinayesa kadzidzi. Palibe.

Poweruka ndinakawatsanzika. Anandiyang'ana bwinobwino, mwaulemu wawo uja, n'kufunsa kuti, "Kodi nesi, kwanu n'kuti?" Ndinawayankha monga mwa masiku onse. Anagwedeza mutu.

Ndi m'basi mmene zinamasuka. Kunja kunali mdima wa nyengo ino, mawindo atachita nthunzi, ine ndatulutsanso kapepala. Ndinadzifunsa kuti bwanji ngati tanthauzo silili koyambirira koma kumapeto? Osati nyama, koma dziko la mu Africa la zilembo 6. Ndinayamba kuwerenga ndi zala: Zambia, Uganda, Angola, Rwanda, Guinea. Onse akukwana, ndipo palibe limene ndikanalifotokoza. Dziko langa lomwe sindinalitchule n'komwe, kaya chifukwa chiyani. Ndiye ndinayang'ana keeps in. Kusunga m'kati. Mawu oti animal a witch akusunga kanthu m'kati mwawo. Ndinaika chala pa zilembo, kuyenda nacho chimodzichimodzi osasamala mipata. Zitatu zomaliza za animal, MAL. Kenako A. Kenako ziwiri zoyamba za witch, WI.

MALAWI.

Ndinatulutsa mawu m'basi muja moti mayi wina anatembenuka. Ndinalilemba ndekha, ndi pensulo, zilembo zonse 6 motsatana, n'kuyenda nalo m'thumba maola asanu ndikusaka fisi.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi. Kuti munthu apange ndagi imeneyi ayenera kugwira liwu loti Malawi m'mutu, kulitembenuza, kulifunira mawu oti libisalemo, n'kupeza chiganizo chomveka. Si ntchito ya mphindi imodzi. Ndiye kuti penapake m'mutu muja dziko langa lilimo, ndipo akudziwa kuti ndi langa, nanga akanapatsa ine chifukwa chiyani? Koma munthu yemweyo madzulo ake akundifunsa kwathu. Kapena ndi ndagi yakale imene anaipanga zaka zambiri zapitazo, mwina akuphunzitsa, lero yangotumphuka yokha ngati nyimbo ya ku Sande sukulu? Tsiku lina anandiuzapo kuti ali mnyamata anali ndi masitampa a Nyasaland, dzinalo lisanasinthe mu 1964. Mwina ndi kumeneko. Ndipo za mfiti zija, kodi anasankha witch pondiseka, kapena chifukwa mawu oyamba ndi WI oti agwirizane ndi nyama ndi ochepa? Masana ndinali wotsimikiza kuti andinyoza. Pano ndikuchita manyazi pang'ono, koma osati kwambiri, chifukwa zaka zimene ndakhala kuno ndamva zambiri zonenedwa momwetulira.

Nditafika kunyumba, m'malo mophika ndinakhala pansi kuyesa ngati Chichewa chingachite zomwezi. Mawu a matanthauzo awiri tili nawo ambiri. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, kudula kwa nkhwangwa ndi kudula kwa sopo. Ndagi zathu nazo zimasocheretsa chimodzimodzi, nyumba yopanda khomo ija ukamaifuna pakati pa nyumba sudzalipeza dzira. Koma zathu zimasewera ndi chinthucho, izi zimasewera ndi zilembo, ndiye zimafuna pepala. Nditafufutafufuta ndinatulutsa yanga yoyamba, ya mtundu wobisa womwewo:

"Chakudya chabisala pansi mawa (5)"

Ndinanyadira ngati ndabereka. Ndinawatumizira achemwali pa WhatsApp, osaganiza kuti kwathu nthawi ili patsogolo ndi maola awiri ndipo anthu agona. Sipanathe mphindi zitatu, ayankha ndi mawu ojambula, tulo tili m'kamwa: "Nsima. Iwe wayamba misala kumeneko? Gona."

Ndinawafunsa kuti aidziwa bwanji. Akuti nanga chakudya china n'chiyani. Zoti NSI ali kumapeto kwa pansi ndipo MA ali koyambirira kwa mawa sanazione n'komwe, ndipo nditayamba kufotokoza anangoti ndalama ya feteleza ija nditumiza liti. Kwa agogo, yankho lotere sakanalola kuti lilembedwe.

Kapepala ndakabwezera m'thumba la yunifolomu. Sindinalembepo yankho. Ndikufuna ndikawauze pakamwa, MAL, A, WI, mmene iwo amafunira, ndione nkhope yawo. Koma mwina ndikakalowa ndi tiyi adzangoona kapepala ka dzanja lachilendo, n'kuyamba kuyimasulira okha ngati ndagi ya munthu wina. Sindikudziwa ngati pamenepo ndidzawauze kuti ndi yawo.